Yankho: Anzanu achitchaina ku New York ayambire apa

Achemwali, mwafunsa kuti anzanu achitchaina amene mumagwira nawo ntchito mu lesitilanti ku New York, amene akuberedwa malipiro ndiponso akugona m'nyumba yozizira, angagwirizane bwanji. Asathamangire zikwangwani. Ayambe ndi kabuku.

Aliyense azilemba tsiku ndi tsiku nthawi yolowa, yoweruka, ndalama zimene walandira pamanja ndi matipu amene bwana wadula. Ajambulenso laisensi yopachikidwa pakhoma, chifukwa mabwana ena mlandu ukafika amatseka n'kutsegulanso ndi dzina lina. Ku New York munthu angathe kulondola malipiro a zaka 6 zapitazo, maola opitirira 40 pa sabata amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo ngakhale wopanda mapepala ali ndi ufulu umenewu.

Chovuta kwenikweni si lamulo. Bwana nthawi zambiri amakhala wakwawo, tinene ku mzinda wa Fuzhou ku China, ndipo mwina ndi yemweyo amene amapereka pogona. Ntchito ikatha, bedi nalo lapita, pomwe ngongole ya ulendo ikudikira. N'chifukwa chake wodandaula yekha sachedwa kubwerera m'mbuyo. Ayambe atatu okhulupirirana, azikumana kutali ndi kuntchito, ndipo asakambe nkhaniyi pa gulu la WeChat (pulogalamu ya pafoni yonga WhatsApp) pomwe pali mlamu wa manijala. Pamsonkhano pakhale womasulira, poti wolankhula Cantonese ndi wa ku Fuzhou samvana, ndipo wosamva amangogwedeza mutu n'kusabweranso. Kalata kwa bwana asainire onse, akaperekenso onse.

Zinathekapo. Mu 1980 operekera zakudya a ku lesitilanti ya Silver Palace ku Chinatown, dera la Atchaina ku New York, atachotsedwa ntchito pa nkhani ya matipu, anakhazikitsa yuniyoni yawoyawo mothandizidwa ndi Chinese Staff and Workers' Association, bungwe limene lilipobe. Mu 1982 osoka zovala pafupifupi 20,000, ambiri amayi, anadzaza paki ya Columbus Park ku Chinatown pochita zionetsero mpaka mabwana anasaina mgwirizano.

Za nyumba: kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 31 Meyi landilodi ayenera kutenthetsa nyumba, madigiri 68 Fahrenheit masana kunja kukatsika pansi pa 55, ndi 62 usiku. Alendi ajambule choyezera kutentha, aliyense aimbe 311 (nambala ya madandaulo ya boma la mzinda) payekha n'kusunga nambala ya dandaulo. Zikakanika, akasume limodzi ku Housing Court, khoti la nkhani za nyumba, mlandu wokakamiza landilodi kukonza vutolo wotchedwa HP action. Asasiye kulipira lendi loya asanawauze, ndipo pepala la ndalama zowanyengerera kuti asamuke asasaine.

Koma apa samalani. Ngati nyumbayo inadulidwa tizipinda popanda chilolezo, oyendera nyumba a boma la mzinda angathe kutulutsa onse tsiku lomwelo, monga zinachitikira ku nyumba ya 81 Bowery ku Chinatown mu 2013. Zikakhala choncho, asanaimbe 311 akaonane kaye ndi a Chinatown Tenants Union, gulu la alendi la bungwe la CAAAV lothandiza anthu ochokera ku Asia.