Edinburgh mu Januwale, thumba lili lopepuka: zitheka?

Achemwali ena a ku Leeds andilembera kalata pa imelo sabata ino. Akuti: "Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndapatsidwa masiku atatu opuma pakati pa Januwale, ndiye ine ndi mnzanga tikufuna tikaone Edinburgh. Aliyense ali ndi mapaundi 150 basi. Kodi zingatheke, kapena tingodikira Julaye poti anthu akuti kumazizira koopsa?"

Achemwali, pitani. Mwasankha nthawi yabwino mosadziwa. Mu Julaye ndi Ogasiti, makamaka Ogasiti pomwe mumzindamu mumachitika zikondwerero za zisudzo, ndalama zanuzo zikhoza kuthera pa bedi la usiku umodzi. Kumapeto kwa Disembala nakonso n'kowawa chifukwa cha Hogmanay, phwando lawo lolowera chaka chatsopano. Koma akangophwasula misika ya Khirisimasi kumayambiriro kwa Januwale, alendo amabalalika ndipo mitengo ya malo ogona imagwa mpaka mu Febuluwale. Za ziphaso musade nkhawa, Scotland ndi mbali ya UK, chilolezo chomwe muli nachocho n'chokwanira.

Chimene chidzakuchepereni kwambiri ndi dzuwa. Pakati pa Januwale limatuluka cha m'ma 8:30 m'mawa ndipo ikangodutsa 4 koloko masana lalowa kale. Ulendo wonse muukonze potsata zimenezi: zapanja zonse muzichite kuyambira 9 koloko mpaka cha m'ma 3, kenako muthawire m'nyumba zofunda zomwe salipiritsa pakhomo. Edinburgh ili nazo zambiri zoterezi, n'chifukwa chake ndikuti mapaundi 150 akwana.

Kuzizira kwake si kwa sinowo kwenikweni, chifukwa mzindawu uli pafupi ndi nyanja ndipo masana ambiri kumakhala madigiri 5 kapena 6. Choopsa ndi mphepo. Ganizani chiperoni cha ku Thyolo mu Juni, koma chokhala ndi chimphepo chochokera kunyanja chimene chimalowa m'khosi ndi m'makutu. Ambulera musavutike nayo, idzatembenuka pa North Bridge pomwepo. Tengani jekete losalowa madzi lokhala ndi chisoti, juzi mkati, magolovesi, ndi nsapato zogwira pansi. Misewu ya kumzinda wakale ndi ya miyala yoyala ndipo ikanyowa imaterera.

Ndalama zigaweni patatu: ulendo, pogona, chakudya. Sitima yochokera ku Leeds imatenga pafupifupi maola atatu n'kukutsitsani pa Waverley, pakatikati penipeni pa mzinda, moti simufunikanso basi kapena takisi. Gulani msanga matikiti otchedwa Advance, aja omangirira pa sitima imodzi. Ngati inu ndi mnzanuyo mumayenda limodzi kawirikawiri, Two Together Railcard imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, koma pa ulendo umodzi wokha muwerengere kaye ngati ikubweza ndalama yake. Mabasi a National Express ndi FlixBus amatchipa kuposa sitima, kungoti amadya maola a dzuwa aja. Mukasankha basi, nyamukani usiku kapena mbandakucha.

Pogona, ine ndingasankhe hositelo yokhala ndi khitchini, kufupi ndi Cowgate, Grassmarket kapena Haymarket, ndipo ndingapewe usiku wa Lachisanu ndi Loweruka. Poti ntchito yanu ndi ya mashifiti, mwina masiku anuwo agwera mkati mwa sabata, zomwe ndi mwayi. Khitchini ndi yofunika kuposa momwe mungaganizire. Tiyi wam'mawa ndi mgonero mukadzikonzera nokha ndi zogula ku Lidl pa Nicolson Street, zotsalazo zimakupatsani mpata wodya kamodzi pamalo abwino. Msewu womwewo, poti uli pafupi ndi yunivesite, ndi wodzaza ndi malo odyera otchipa a ana asukulu. Pa Royal Mile, msewu waukulu wa kumzinda wakale, musadyepo, mitengo yake ndi ya alendo. Haggis ilaweni kamodzi ndi mbatatesi ndi mizu ya swede zosinja, zomwe eni ake amati neeps and tatties. Haggis ndi zam'kati za nkhosa zogaya zosakaniza ndi oats ndi tsabola, ndipo munthu wokulira pa nthumbwana sangazione zachilendo.

Tsopano funso lomwe aliyense amafunsa: Edinburgh Castle, linga lija lili pamwamba pa thanthwe. Tikiti ya munthu wamkulu imadutsa mapaundi 20. Mkati muli chisoti chachifumu cha Scotland, ndi katchalitchi ka St Margaret ka m'zaka za m'ma 1100, komwe ndi nyumba yakale kwambiri mumzinda wonse. Mwala wotchuka wolongerapo mafumu uja anausamutsira ku Perth mu 2024, musakaufune kumeneko. Maganizo anga ndi akuti ndi thumba lanulo mukhoza kulidumpha osadandaula. Kukongola kwa lingali kuli kunja. Bwalo la kutsogolo kwake n'laulere, ndipo mukakwera masitepe a Vennel kuchokera ku Grassmarket mudzajambula chithunzi choposa cha amene alipira. Ngakhale mzinga wa 1 koloko, womwe anayamba kuwomba mu 1861 kuti oyendetsa sitima zapamadzi azikonzera mawotchi awo, umamveka bwinobwino m'munda wa Princes Street Gardens. Sauwomba Lamlungu. Mukaumirira kulowa, gulani tikiti pa intaneti poti imatsikirako, ndipo dziwani kuti mphepo ikanyanya amatseka.

Tsiku lapakati, lomwe ndi lathunthu, liyambeni pabwalo la lingalo n'kumatsetsereka ndi Royal Mile mpaka kumunsi ku Holyrood. Musathamange. Zokoma zili m'tinjira topapatiza ta m'mbali, totchedwa closes, momwe anthu akale ankakhala mothithikana m'nyumba zosanjikizana. Lowani mu Advocate's Close, lowani mu Lady Stair's Close. Pakati pa msewuwu pali St Giles, tchalitchi chomwe John Knox, tate wa mpingo wa Presbyterian ku Scotland, ankalalikamo m'zaka za m'ma 1560. Ngati ndinu a CCAP, muzu wa mpingo wanu ndi umenewo, ndipo ngati ulendo wanu ukhudza Lamlungu kapemphereni nawo. Kumapeto kwa msewu kuli nyumba ya malamulo ya Scotland, yotsegulidwa mu 2004. Kulowa n'kwaulere, mkati n'mofunda, ndipo zimbudzi zake n'zaukhondo, chinthu chomwe mudzachiyamikire mutayenda maola awiri m'mphepo.

Kuseri kwa nyumbayi kuli Arthur's Seat, phiri lotalika mamita 251 lomwe kalekale linkalavula moto. Aliyense pa Instagram amakwera limeneli. Mu Januwale pamwamba pake pamakhala matope ndi madzi oundana, choncho likwereni pokhapokha kunja kutacha bwino ndiponso isanakwane 1 koloko. Apo ayi pitani ku Calton Hill. Ndi mphindi zochepa kuchokera ku Princes Street, njira yake ndi ya masitepe, ndipo mzinda wonse mpaka kunyanja ya Firth of Forth umaoneka. Mukafikapo cha m'ma 3:30 mudzaona dzuwa likulowa kuseri kwa linga.

Kukayamba mdima kapena mvula, National Museum of Scotland pa Chambers Street ndi kwanu. Amatseka 5 koloko ndipo salipiritsa. Muli Dolly, nkhosa ija yomwe asayansi a ku Roslin anaipanga mu 1996 kuchokera ku selo la nkhosa ina, muli zosema za Lewis za masewera a chess, ndipo padenga pali khonde loonerapo mzinda. Scottish National Gallery pa The Mound nayonso n'njaulere. Manda a Greyfriars ali pafupi ndi National Museum ija, ndipo pakhomo pali kachiboliboli ka Bobby, galu yemwe amati ankalondera manda a mbuye wake. Mphindi makumi awiri zikwana.

Pali zina zomwe alendo ena amangodutsa koma inu muyenera kuimapo. Mukatuluka pa Waverley, pafupi ndi chipilala chachitali chakuda cha Scott Monument, pali chiboliboli cha David Livingstone chomwe chinaimikidwa mu 1876, chaka chomwe amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa Blantyre wathu. Pamwamba pa The Mound pali holo yomwe msonkhano waukulu wa mpingowu umachitikira. Mu 1959, Kamuzu ndi anzake ali m'ndende pa nthawi ya State of Emergency, nkhani ya Nyasaland inakambidwa mwamphamvu m'holo imeneyi ndipo mpingo unaima kumbali ya Amalawi. Kamuzu yemweyo anaphunzira udokotala mumzinda uno n'kumaliza mu 1941, ndipo anali mkulu wa mpingo kuno. Nyumba ya mizati ikuluikulu ya Royal College of Surgeons, limodzi mwa mabungwe omwe anamupatsa satifiketi ya udokotala, ili pa Nicolson Street pomwe muzikagula buledi paja. Mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu ya Scotland, anasainirana pangano la mgwirizano wa Malawi ndi Scotland, ndipo ofesi ya Scotland Malawi Partnership ili mu City Chambers, moyang'anizana ndi St Giles. Musadabwe mukatchula kwanu wina n'kuyamba kukuuzani za sukulu ya mwana wake yomwe ili paubale ndi sukulu ya ku Malawi. Blantyre weniweni, komwe Livingstone anabadwira mu 1813, ali kufupi ndi Glasgow. Musamukakamize mu ulendo uno, adya tsiku lonse.

Mabasi a mumzinda, a Lothian, mwina simudzawafuna n'komwe poti zonse ndatchulazi n'zoyenda pansi. Mukakwera, gusitsani khadi la kubanki. Ndalama zachitsulo amalandira koma sabweza chenji. Mukapatsidwa ndalama zamapepala za mabanki a ku Scotland, zigwiritseni ntchito musanabwerere, chifukwa masitolo ena a ku England amazikayikira ngakhale zili mapaundi omwewo.

Chomaliza ndi cha kuntchito. Januwale ndi mwezi wa mphepo zamkuntho, ndipo zikabwera sitima za pakati pa Edinburgh ndi Newcastle zimachedwa kapena kuimitsidwa kumene. Musagule tikiti ya sitima yomaliza ya usiku ngati m'mawa mwake muli pa shifiti ya 7 koloko. Bwererani ndi ya masana, ndipo musiye mapaundi 20 pambali osawakhudza. Sitima ikachedwa ndi mphindi 30 kapena kuposerapo, sungani tikiti yanu n'kukapempha kubwezeredwa ndalama kudzera mu Delay Repay pa webusaiti ya kampani yomwe mwakwera.