Gofu ku Joni: musathere ndowa yonse pa driver

Achimwene amene mwafika kumene kuno ku Joni n'kuyamba kugwira ndodo ya gofu, kaya abwana ndi amene akukutengani, kaya mwapeza ganyu yonyamula chikwama Loweruka ndiye mtima wakopeka, imvani zimene ine ndinazindikira marandi atapita kale.

Chaka changa choyamba ndinkapita ku range, malo oyesererako kumenya mipira, ndi driver basi, ndodo yomenyera mpira patali kwambiri. Kugula ndowa ya mipira, kuimika umodziumodzi pa tee, kachikhomo koikapo mpira, phaa! phaa! mpaka ndowa mbee. Komatu Joni amanamiza. Mzinda uno uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pomwe yalekezera nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndiye mpira umauluka patali kuposa ku Durban. Mu Juni ndi Julaye nthaka imauma gwaa, mpira ukatera umangogubuduka osafuna kuima. Pokwera takisi madzulo munthu umadziona ngati Ernie Els, katswiri wa gofu wa dziko lino.

Manyazi anandigwira tsiku loyamba kusewera maenje onse 18. Pa dzenje lina la par 4, loyenera kulimaliza pomenya kanayi, ndinamenya kawiri kokha, mpira n'kukhala mamita ngati 20 kuti ufike pa green, malo a udzu waufupi kwambiri pomwe pali dzenjelo. Ndinati zatheka. Kumenya kachitatu, ndodo inakodwa mu udzu, mpira unangosuntha phazi limodzi. Kachinayi ndinaumenya pamimba, unadutsa green yonse n'kukagwera mumchenga. Mumchengamo katatu. Pa green katatunso. Pakhadi panalembedwa 10. Mdala wina wa ku Mzimba amene wanyamula zikwama kuno zaka zambiri anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, wedge yakoyi unaigula kuti izikongoletsa chikwama?"

Udzu umene unandichita chipongwewo ndi kikuyu, ndipo uli pafupifupi m'mabwalo onse a kuno. Pa fairway, njira yotchetchedwa bwino yopita ku green, ndi wabwino, umaunyamula mpira ngati pa nkhata. Koma m'mbali mwa green ndi wokakala, wolukanalukana. Mukati muugubuduze mpira pansipansi, kikuyu amaugwira n'kuupha pomwepo. Muyenera kuphunzira kuukweza ndi wedge, ndodo yokwezera mpira m'mwamba pafupipafupi, kuti ukatere pa green penipeni, ndipo zimenezi sizibwera ndi mphamvu, zimabwera ndi kubwereza mpaka manja azolowere. Ma green nawonso ndi oterera, putter, ndodo yogubuduzira mpira kudzenje, mukaikankha ngati mukuthamangitsa nkhuku mpira ubwerera mbali inayo.

Werengani nokha. Ngakhale mutamagwetsa mpira ndi ma putt awiri, kumenya kwa putter, pa dzenje lililonse, ndi 36 pa tsiku. Driver mumaitulutsa m'chikwama mwina ka 14 kokha. Nanga n'chifukwa chiyani nthawi yonse yoyeserera ikupita kwa iyo?

Musandimve molakwa, sindikuti kumenya patali n'kopanda ntchito. Mpira womenyedwa pa tee ukatuluka kunja kwa malire, mumabwerera pomwe munamenyera ndipo kumenya kotsatirako kumawerengedwa kachitatu, kuphatikiza apo mpira wogula ndi thukuta wapita. Woyamba kumene amene sangathe kudzutsa mpira pa tee adzavutika ngakhale putter yake itakhala yamankhwala. Chofunika n'chakuti mpira uzipita kutsogolo ndipo muziupeza. Kutalika kubwera kokha.

Ine masiku ano ndikapeza maola awiri ndimachita chonchi. Ndimagula ndowa yaing'ono, osati yaikulu. Mipira yambiri imapita ku 7-iron ndi hybrid, ndodo zosafika patali ngati driver, ndipo uliwonse ndimausankhira mbendera yolunjika, osangomenya m'malere. Driver imalandira mipira khumi yomalizira. Ola lachiwiri lonse ndimakhala pa malo a chipping ndi putting, oyesererapo kukweza mpira pafupi ndi green ndi kuugubuduzira kudzenje, ndi mipira yanga itatu, yomwe sindilipiranso: kuponya umodzi mu udzu wautali, kuukweza, kenako kuumaliza ndi putter mpaka ugwe, ngati mmene zimakhalira pamasewero enieni. Ma putt a mita imodzi ndimamenya khumi otsatizana, ndikaphonya ndimayambiranso. Zimatopetsa, ndikuvomera. Mumchenga musamathawemo. Gary Player, wobadwira konkuno mu 1935, ndi munthu wamfupi, koma anapambana ka 9 m'ma major, mipikisano ikuluikulu ya gofu, ndipo dziko limamudziwa ndi luso lotulutsa mpira mu bunker, mumchenga muja.

Malo ngati Huddle Park ku Linksfield salira umembala, ndipo ku Pimville kuli Soweto Country Club. Kuchipinda kwanu kapeti ndi kapu yogoneka pansi zikukwanirani pa putter. Amene mumagwira ntchito ya m'gadeni, kapinga muli naye kale, koma pemphani kaye kwa eni nyumba, mawindo a kuno ndi odula.

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi muziyeserera m'mawa. Masana mitambo imasonkhana mwadzidzidzi, ndipo ziphaliwali za Joni sizichita nthabwala ndi munthu wogwira chitsulo pabwalo. Sairini ikalira, siyani mipira yotsalayo muthamangire m'nyumba, osati pansi pa mtengo.