Mwana wanga akufuna kukhala woyendera mafakitale: ndimulimbikitse?

Funso: Alangizi, mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 ndipo amakhoza bwino sayansi. Ife tinkayembekezera kuti achita unamwino, koma iye akuti akufuna Environmental Health kuti adzagwire m'boma ntchito yoyendera mafakitale ndi maesiteti, kuona ngati antchito sakudwala chifukwa cha ntchito zawo. Bambo ake akuti imeneyo ndi ntchito yoyendera zimbudzi ndi misika. Kodi ntchitoyi ndi yotani kwenikweni, amaphunzira kuti, ndipo akamaliza adzalembedwa? Ndine mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Mayi, mwana wanuyo mulimbikitseni. Ndikuuzani chifukwa chake, ndipo zovuta zake sindikubisirani.

Bambo akewo akuganiza za alangizi a zaumoyo amene timawaona m'misika, m'malo odyera ndi m'midzi kukabuka kolera. Imeneyo ndi ntchito yaulemu wake, ndipo maphunziro ake amayambira pamodzi ndi omwe mtsikanayu akufuna, koma kutsogolo njira zimapatukana. Iye akufuna nthambi yomwe m'zolengeza za ntchito imalembedwa kuti occupational hygienist kapena industrial hygienist. M'boma la Malawi anthu oterewa amapezeka ku Directorate of Occupational Safety and Health, nthambi ya mu Unduna wa Zantchito, ndipo lamulo lomwe linaika maziko a ntchito yawo ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997.

Munthu akagwa padenga kapena makina akamudula zala, aliyense amaona. Anthu amathamanga, galimoto imapezeka, nkhani imamveka. Koma pali zina zomwe zimapha wantchito mwakachetechete: fumbi, utsi, phokoso, kutentha ndi mankhwala. Izi zimatenga zaka khumi kapena makumi awiri, ndipo matenda akamaonekera munthu amakhala atachotsedwa kale ntchito, ali kumudzi, abale akuganizira zina. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amamwalira chaka chilichonse pa dziko lonse chifukwa cha ntchito zawo. Mwa amenewa, ophedwa ndi ngozi ndi pafupifupi 330,000, pomwe 2.6 miliyoni amaphedwa ndi matenda. Namwino amakumana ndi anthu amenewa zinthu zitaipa kale. Mwana wanu akufuna kukafika komwe matendawo akuyambira, munthu akadali wamphamvu.

Ife Amalawi nkhaniyi tinaionera m'nyumba zathu. Ndi mabanja angati omwe anali ndi agogo kapena amalume amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela, pambuyo pake Theba, n'kubwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha? Ambiri mwa iwo anapuma fumbi la silika m'migodi ya golide. Fumbili limachokera ku miyala ikamabooledwa kapena kuswedwa, ndipo loopsa kwambiri ndi laling'onoting'ono moti maso saliona. Limalowa mpaka pansi pa mapapo n'kusiya zipsera zomwe sizipola. Matendawa amatchedwa silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Mu 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg linavomereza kuti makampani asanu ndi limodzi a migodi, kuphatikizapo Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields ndi Harmony, apereke chipukuta misozi cha pafupifupi 5 biliyoni randi kwa anthu omwe anagwira m'migodi yawo kuyambira 1965 mpaka 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo linapatsidwa udindo wogawa ndalamazo. Ambiri anali atamwalira kale. Chimandiwawa n'chakuti njira zochepetsera fumbilo, monga kuboola mwala uku akuthira madzi ndi kulowetsa mpweya wabwino mumgodi, zinkadziwika kalekale. Chomwe chinkasowa ndi munthu woyeza fumbi moona mtima komanso boma lomumvera.

Fumbi lomwelo lilipo kuno. Lili m'malo oswera miyala ya kwale, kwa amayi omwe amagogoda miyala m'mbali mwa msewu ana ali kumbuyo, kwa odula matayilosi ndi konkire pa zomangamanga, ndi kwa okumba golide ndi miyala ya mtengo wapatali m'migodi ing'onoing'ono.

Tsiku la ntchito limayamba ndi miyendo. Woyendera amazungulira malo onse, kuchokera pomwe katundu amalowera mpaka pomwe amatulukira, akuona ndi kufunsa. Mafunso abwino amapita kwa antchito eniake, makamaka akapitawo atatalikira: mumagwira maola angati pano, kodi fumbi limachuluka nthawi yanji, mukafika kunyumba makutu amalira, alipo amene anasiya ntchito chifukwa cha chifuwa? Kenako amayeza, ndipo apa ndi pomwe ntchitoyi imasiyanirana ndi kungoyendera wamba. Pofuna kudziwa fumbi lomwe munthu akupuma, amamumangirira kapampu kakang'ono m'chiuno, kapaipi kake n'kufika pa kolala pafupi ndi mphuno, pomwe pamakhala kasefa. Wantchitoyo amagwira ntchito yake monga mwa masiku onse, kapampu kakukoka mpweya, ndipo madzulo kasefako kamapita ku labotale kukayezedwa. Zotsatira zake amaziyerekeza ndi mulingo wovomerezeka. Kuti muone kuchepa kwake, ku America mulingo wa silika womwe unakhazikitsidwa mu 2016 ndi mamiligalamu 0.05 okha mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya pa maola 8.

Phokoso nalo lili ndi masamu ake, ndipo ndikufuna mtsikanayo awamve bwino chifukwa akasangalala nawo ndiye kuti ntchitoyi ndi yake. Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo, ndipo mulingo womwe mayiko ambiri amatsata ndi madesibelo 85 pa maola 8. Phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, mphamvu yake imawirikiza kawiri, choncho nthawi yoti munthu akhalepo imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2, pa 94 ndi ola limodzi, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Tsono ganizirani mnyamata wa pachigayo amene amaima pambali pa injini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Makutu owonongeka ndi phokoso sabwereranso, ndipo chimayamba kutayika ndi kumva mawu a anthu pagulu, moti munthu amayamba kudzipatula anzake akamacheza.

Dziko lathu ndi laulimi, choncho ntchito yambiri ili kuminda. Odula nzimbe ku Nchalo amagwira m'dera lotentha kwambiri, ndipo kugwira ntchito yolemetsa padzuwa popanda madzi okwanira, mthunzi ndi nthawi yopuma kumatha kugwetsa munthu ngakhalenso kuwononga impso. Opopera mankhwala m'minda ya thonje, tiyi ndi ndiwo zamasamba amakhudzana ndi mankhwala ena omwe amalowera pakhungu n'kusokoneza mitsempha, ndipo pali kuyeza magazi komwe kumaonetsa vutoli munthu asanagwe. Othyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula amayamwa nikotini kudzera pakhungu, n'kuyamba chizungulire, mutu ndi kusanza ngakhale sanasutepo, ndipo ana ndi omwe amavutika msanga. M'tauni muli owotcherera, opopera penti wa galimoto m'magalaja otsekeka, ndi oswa mabatire akale omwe amapuma mtovu n'kupita nawo kunyumba m'zovala. Anzathu a ku Kabwe m'dziko la Zambia akudziwa kuopsa kwa mtovu: mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezeka nawo m'magazi.

Akapeza vuto, woyendera wodziwa ntchito sathamangira kunena kuti gulani mamasiki. Olemba ntchito ambiri amakonda yankho limenelo chifukwa ndi lotchipa ndipo limakankhira udindo kwa wantchito. Koma masiki wa nsalu satchinga fumbi la silika, ndipo ngakhale wabwino, munthu wotuluka thukuta amamuvula. Funso loyamba limakhala lakuti: kodi choopsachi chingachotsedweretu, kapena kusinthidwa ndi china chosaopsa kwambiri? Zikakanika, amayang'ana makina: kuthira madzi podula mwala, kuika chokoka utsi pomwe ukutulukira, kutsekera injini yaphokoso m'chipinda chake. Kenako kasinthidwe ka maola, ndipo zodzitetezera monga mamasiki, magolovesi ndi zotseka m'makutu zimabwera pomalizira. Kuti anene zimenezi n'kumveka, ayenera kudziwa mtengo wake ndi kulankhula chinenero cha mainjiniya ndi cha owerengera ndalama.

Tsopano mbali yovuta. Pangano la ILO la nambala 81, lomwe Malawi inavomereza mu 1965, limati woyendera ali ndi mphamvu yolowa pamalo a ntchito nthawi iliyonse, usana kapena usiku, popanda kudziwitsa, kufunsa aliyense, kuona mabuku, kutenga zinthu zokayeza, ndi kulamula kapena kupempha lamulo loti zinthu zisinthe msanga ngati moyo uli pachiswe. Limamuletsanso kuulula yemwe anadandaula, ndiponso kukhala ndi gawo m'kampani yomwe amayendera. Mphamvu zoterezi zimakopa ziphuphu. Mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zingapo, wa malipiro a m'boma, adzaima pamaso pa bwana yemwe akhoza kumupatsa mu envelopu imodzi ndalama zoposa za mwezi wonse, kapena kumuopseza kuti aimbira foni akuluakulu. Nthawi zina antchito omwewo adzamupempha kuti asalembe, poopa kuti fakitale ikatsekedwa ana agona ndi njala. Akasaina lipoti labodza palibe amene adzadziwe chaka chimenecho, koma wina adzatsokomola magazi patapita zaka khumi ndi zisanu. Inu mayi mukumudziwa mwana wanu kuposa ine. Ngati ndi woti akaona cholakwika amanena mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo, ali ndi chinthu chomwe yunivesite singamuphunzitse. Mudziwenso kuti oyendera m'boma ndi ochepa poyerekeza ndi malo ofunika kuyendera, ndipo galimoto, mafuta ndi zida zoyezera sizipezeka nthawi zonse.

Njira ya maphunziro ndi iyi. Pa MSCE alimbikire Chemistry, Physics, Biology, masamu ndi Chingerezi, ndipo apeze makirediti osachepera asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Chingerezicho asachipeputse, chifukwa lipoti lake likhoza kukawerengedwa kukhoti. Digiri ya Environmental Health imaphunzitsidwa ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, pafupi ndi kwanu komweko, ndipo dipuloma yake ili ku Malawi College of Health Sciences. Zofunika polowera zimasintha, choncho muwerenge bwino chilengezo cha NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, cha chaka chomwe akufunsira malo. Amene anachita Chemistry, Physics kapena uinjiniya amathanso kulowa m'ntchitoyi.

Digiri yoyamba imangopereka maziko, ukadaulo woyeza amauwonjezera pambuyo pake. Bungwe la Occupational Hygiene Training Association lili ndi maphunziro afupiafupi odziwika m'mayiko ambiri, okhudza fumbi, phokoso, kutentha ndi mankhwala. Ku South Africa, mayunivesite a North-West ndi Wits amaphunzitsa ntchitoyi mozama, ndipo bungwe la akatswiri a ntchitoyi kumeneko, la SAIOH, limawalembetsa m'magawo atatu malinga ndi maphunziro ndi zaka zomwe agwira. Adzamvanso za satifiketi ya NEBOSH, yomwe makampani ambiri amaifuna. Ndi yothandiza popeza ntchito, koma imatsamira kwambiri pa kupewa ngozi ndi kayendetsedwe ka chitetezo, choncho isalowe m'malo mwa maphunziro oyeza.

Kodi adzalembedwa? Sindingakulonjezeni mpando wa m'boma chaka chomwe adzamalize, chifukwa mipata imatuluka mwa apo ndi apo. Koma boma si lokhalo lomwe limafuna anthu oterewa. Maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, makampani a shuga, a fodya ku Kanengo, a simenti, omanga misewu ndi migodi amalemba maofisala a zaumoyo ndi chitetezo, ndipo ntchito zazikulu zogwiridwa ndi ngongole za mabanki monga World Bank zimakakamizidwa kukhala nawo. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009, unaonetsa kuti dziko lino likufunanso odziwa kuyeza cheza choopsa. Mu 2019 Malawi inavomereza mapangano atatu a ILO okhudza umoyo ndi chitetezo pantchito, a nambala 155, 184 ndi 187, ndipo mu 2022 ILO inaika malo a ntchito otetezeka pakati pa maufulu oyambirira a wantchito aliyense. Mapangano amenewa sangakwaniritsidwe popanda anthu ophunzitsidwa. Zaka zingapo pakampani zikhoza kumuthandiza kwambiri akadzalowa m'boma, chifukwa adzakhala akudziwa zomwe zimachitika woyendera akatuluka pageti.

Za kuti ndi mtsikana zisakudetseni nkhawa. Adzavala jombo ndi chipewa cholimba ngati wina aliyense, ndipo adzaphunzitsidwa kudziteteza. Amayi othyola tiyi, osankha fodya kapena opopera mankhwala ali ndi nkhani za mimba, kupita padera ndi kusowa malo osinthira zovala zomwe sangamasuke kuuza mwamuna.

Iwe mtsikana, mayeso akatha pita ku ofesi ya zantchito mu Blantyre momwemo, upemphe kulankhula ndi mmodzi mwa oyendera za chitetezo ndi umoyo, umufunse za tsiku lake ndi njira yomwe anadutsa. Ukapita kuchigayo, ima pa mtunda wa mita imodzi kuchokera kwa wogayitsa ndipo uyese kumulankhula. Ngati ukuchita kukuwa kuti akumve, phokosolo mwina lapitirira kale madesibelo 85. Ufunse maola omwe amakhalamo patsiku, uwerengere, ndipo zomwe upeze ukawaonetse bambo ako.