Satifiketi ya ku Cape Maclear ndi sitima zomira za ku Scapa Flow

Mayi wina amene akugwira ntchito ya unesi ku Aberdeen, ku Scotland, wandilembera imelo. Akuti anaphunzira kusambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya ku Cape Maclear, ali ndi satifiketi ya oyamba kumene yotchedwa PADI Open Water, ndipo anzake a ku kalabu amuitana kuti apite nawo ku Scapa Flow kukaona sitima zankhondo zimene zinamira. Akufunsa ngati zimene anaphunzira kunyanja kwathu zikukwanira.

Achemwali, sizikukwanira ayi. Pitani ndithu, koma muyambe mwaphunzira kuvala drysuit, suti yosalowa madzi.

Scapa Flow ndi doko lalikulu pakati pa zilumba za Orkney, kumpoto kwa Scotland. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, sitima 74 za asilikali a ku Germany zinasungidwa kumeneko. Pa 21 June 1919 mkulu wawo, Ludwig von Reuter, analamula kuti eni ake azimize dala poopa kuti adani angazigawane, ndipo 52 zinamiradi. Zambiri anazivuula pambuyo pake n'kuzigulitsa ngati zitsulo. Zikuluzikulu zimene zatsala pansi ndi 7: König, Kronprinz Wilhelm ndi Markgraf, kenako zocheperako zinayi, Brummer, Cöln, Dresden ndi Karlsruhe.

Vuto loyamba ndi kuya. Satifiketi yanu imakulolani kufika mamita 18 basi. Karlsruhe, imene ili posaya kuposa zinzake, yagona pa mamita pafupifupi 25, pomwe Markgraf ili cha m'ma 45. Zitatu zazikuluzo zinagwa chafufumimba, moti mifuti yake ili kunsi, kumdima, kumene mutu umayamba kuzunguzika ndi mpweya wa nayitrojeni.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuzizira. Kwathu madzi amakhala pa madigiri 23 kapena kuposerapo, munthu n'kumatsatira mbuna atavala ka suti kopyapyala. Ku Orkney, ngakhale nyengo yotentha, madzi sapitirira kwenikweni madigiri 13, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mphepo. Zala zimachita dzanzi, mumapuma mothamanga, mpweya m'silinda umatha msanga, ndipo nzeru zimachedwa pa nthawi imene mukuzifunitsitsa.

N'chifukwa chake kumeneko aliyense amavala drysuit, suti yosalowa madzi imene mumaipopera mpweya mkati. Chinthu chimenechi chili ndi khalidwe lake. Mukatsika, imakufinyani ngati simunawonjezere mpweya. Mukamakwera, mpweyawo umafufuma, ndipo ukathawira kumapazi umakutembenuzani miyendo m'mwamba n'kukukokerani pamwamba mwaliwiro. Kukwera kotereku ndi kumene kumapititsa anthu ku chipinda chochizira osambira cha ku Stromness, tauni ya ku Orkney komweko. Inu monga nesi mukudziwa zimene tinthovu ta mpweya tingachite m'magazi. Muyeserere kaye m'dziwe losambiramo, kenako m'madzi osaya a m'mbali mwa Scotland momwemo, mpaka dzanja lizipita lokha pa valavu ya mpweya ya sutiyo.

Musaiwalenso kuti madzi amchere amayandamitsa munthu kuposa a m'nyanja yathu, choncho mtovu wa m'lamba umene munkamanga ku Cape Maclear ukhala wochepa. Regulator, chipangizo chopumira mpweya wa m'silinda, ikhale yopangidwira madzi ozizira, chifukwa ina imaundana n'kuyamba kutaya mpweya wosaleka. Tochi ndi yofunika, pansipo n'pobiriwira komanso pamdima.

Ine ndikanakhala inu, ndikanatenga satifiketi yotsatira ya Advanced Open Water, imene imafikitsa pa mamita 30, ndipo ulendo woyamba ndikanakhutira ndi Karlsruhe ndi mbali ya pamwamba ya Cöln. Zinayi zocheperakozo zinagona chammbali, ndipo kunena zoona n'zimene zimaonekabe ngati sitima. Zazikulu zija woyamba kumene amangoona khoma lachitsulo lopanda malire. M'kati musalowe, ngakhale anzanu akukodoleni. Zitsulo zakhala m'madzi zaka zoposa 100, zadyeka ndi dzimbiri ndipo zikugumuka.

Lamulo limateteza sitimazi, ndiye musatole kanthu, ngakhale kabawuti. HMS Royal Oak, sitima yankhondo ya ku Britain imene inamizidwa ndi U-47, sitima ya pansi pa madzi ya ku Germany, mu October 1939 ndipo anthu oposa 800 anafa, ndi manda a asilikali, kumeneko saloleza kusambira. Maboti ambiri amanyamukira ku Stromness, ndipo kuchokera ku Aberdeen komweko pali sitima yopita ku Kirkwall, tauni yaikulu ya ku Orkney. Malo m'maboti amatha msanga, choncho muwauze anzanuwo akusungireni a chaka chamawa.