Dzino loikirira layamba kugwedera: ndi kabawuti kapena ndi fupa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Luchenza. Akuti zaka zinayi zapitazo, ali pa ntchito ku Johannesburg, adawaikira dzino lotafunira la implant, ndipo ndalama zake akazikumbukira mpaka lero mutu umawawawa. Pano adabwerera kumudzi, ndiye dzinolo layamba kugwedera akamadya. Silikupweteka, magazi sakutuluka. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi adandibera? Nanga chitsulocho achizule chonse?"

Bambo, mtima pansi kaye. Chimene inu mukuchitcha dzino limodzi ndi zinthu zitatu zolumikizana. M'fupa la nsagwada muli muzu wachitsulo cha titanium, womwe ndi implant yeniyeniyo. Pamwamba pake pali kamtengo kamene madokotala amati abutment, kenako chisoti choyera chomwe mumachiona pagalasi, chija amati crown. Chogwira zapamwambazi ku muzu ndi kabawuti kochepa, kunenepa kwake pafupifupi mamilimita awiri basi. Mwa zonsezi, chimene chimakonda kuvuta pa dzino loima palokha ndi kabawutiko.

Muzuwo ukagwirana bwino ndi fupa sugwedera chisawawa. Dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, adaona m'chaka cha 1952 kuti titanium yomwe adaika m'mafupa a akalulu idakanirira osatheka kuchotsa. Mu 1965 adaikira munthu woyamba, Gösta Larsson, ndipo mkuluyu adamwalira mu 2006 zitsulo zake zikadali m'malo. Choncho poti simukumva ululu ndipo magazi sakutuluka, ine ndikukayikira kabawuti, osati fupa. Wotsimikiza ndi dokotala akakujambulani X-ray.

Nanga kabawuti kamamasuka bwanji popanda woukhudza? Funsani wa kabaza aliyense amene amadutsa m'misewu ya fumbi ya m'minda ya tiyi: bawuti yomwe adamanga Lolemba, pofika Loweruka yayamba kulira. Bawuti ikamangidwa imatamuka pang'ono ngati mphira, ndipo kukoka kumeneko ndiko kumapanikiza zitsulo ziwiri kuti zisasunthe. Ndiye chifukwa chake dokotala samanga ndi dzanja longoyerekeza; amagwiritsa ntchito kasipanala koyeza mphamvu, kawirikawiri pakati pa 25 ndi 35 Ncm (umenewu ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti) malinga ndi kampani. Akamanga moperewera, kukokako kumachepa. Ngakhale atamanga bwino, timabampu tosaoneka ndi maso ta pazitsulozo timaphwanyika m'kupita kwa nthawi, kukoka kuja n'kutsika. Onjezanipo ichi: dzino lobadwa nalo lili ndi timinyewa tomwe timalilola kunyutuka pang'ono mukaluma chinthu cholimba. Implant ilibe zimenezo. Mphamvu yonse ya nsagwada imagwera pa chitsulo.

Apa ndi pamene kapangidwe ka polumikizira kamalowera. Ma implant oyambirira a Brånemark anali ndi kamutu ka ngodya zisanu ndi imodzi kotulukira pamwamba pa muzu, kotalika mamilimita 0.7 okha. Kamtengo kaja kamangokhala pamwamba ngati chipewa. Mukaluma chammbali, kamutu kafupi chotero sikathandiza kwenikweni, ndiye katundu yense amasenza ndi kabawuti. Kenako kudabwera mtundu umene kamtengo kamalowa mkati mwa muzu, makoma a muzuwo n'kumathandiza kusenza. Koma womwe umandisangalatsa ine ndi wachitatu, wosongoka. Taganizani za khasu. Msuka wake ndi wonenepa kumtunda, wowonda kunsonga, ndipo mukaulowetsa mu mpini, kumenya kulikonse pansi kumaukhomerera m'malo moumasula. Amisiri amati Morse taper, potengera Stephen Morse wa ku America yemwe adakonza njirayi m'zaka za m'ma 1860 kuti zitsulo zoboolera zizigwira m'makina. Agogo athu ankaidziwa kalekale, kungoti palibe adawalembera dzina.

Wosongokayu samasukamasuka, komanso mpata wolowera tizilombo pakati pa zitsulo umakhala wochepa. Koma mpini nawo umang'aluka, si choncho? Muzu ukakhala wowonda, makoma ake opyapyala, munthu n'kumaukhomerera ndi mphamvu za mano akumbuyo, ukhoza kung'aluka pakamwa pake, ndipo pamenepo palibenso chokonza. Choncho ngakhale mutapeza kuti wanu ndi wa kamutu kakunja, musati adakuberani. Alipo ambiri amene akutafunira mtundu umenewo kwa zaka zochuluka. Mamangidwe ake ndi mmene mano anu akukumanirana ndi zazikulu kuposa dzina la polumikizira.

Chimene ndikuopa ine ndi kuchedwa. Kabawuti komasuka kamapindika uku ndi uku nthawi iliyonse mukatafuna, ngati waya amene mwana akumupinda kuti adule, ndipo tsiku lina kadzathyokera mkati mwa muzu. Kuchotsa kachidutswa kotero ndi ntchito yowawa, nthawi zina mazinga a mkati amaonongekeratu. Lekani kutafunira mbali imeneyo lero lomwe. Ndipo chonde, supagulu ayi.

Musanakwere minibasi ya ku Limbe, chitani ichi. Lemberani chipatala chomwe chidakuikiranicho, ngakhale pa WhatsApp, akuuzeni kampani ya implant yanu, kukula kwake, mtundu wa polumikizira ndi mphamvu yomangira. Mwina adakupatsani kakhadi. Kayang'aneni m'chikwama cha mapasipoti. Makampani ndi ambiri, monga Straumann, Nobel Biocare, ndi Southern Implants ya konko ku South Africa, ndipo timabawuti ndi tomangira tawo sitisinthana mwachisawawa. Mukadziwa, imbirani kaye zipatala za mano za ku Blantyre mufunse ngati ali ndi zida za mtundu umenewo, kuti musaononge thiransipoti.

Yang'ananinso pamwamba pa chisoticho. Mukaona kadontho kosiyana mtundu pakati pake, ndiye kuti pali kabowo kotsekedwa kofikira pa kabawuti, ndipo ntchito yake ndi yosavuta. Ngati chidamatidwa ndi simenti ya mano, mwina simentiyo ndi yomwe yalekerera, apo ayi dokotala adzayenera kuboola chisoticho kuti apeze kabawuti. Kabawuti kakale ngati katopa, pemphani katsopano. Mufunsenso mayi akunyumba ngati mumakukuta mano usiku, chifukwa ngati ndi choncho mufunika kapulasitiki kovala pogona, kupanda apo mudzabwereranso ndi nkhani yomweyi.

Zikasintha, mwayamba kumva kupweteka mukaluma, mafinya akutuluka, kapena fungo, pamenepo tikukamba za fupa, makamaka ngati mumasuta fodya kapena muli ndi shuga. Musadikire yankho la ku Johannesburg, pitani msanga.

Za nzimbe ndi chimanga chokazinga simudafunse, koma ndikudziwa za kwathu kuno. Nzimbe muzisenda ndi mpeni, mudule tizidutswa, mutafunire mbali inayo.