Quantum Idikire, Bwererani ku Algebra Kaye

Imelo yomwe yandipeza sabata ino yandikanda pachilonda. Wolembayo akukayamba masamu ndi fizikisi apamwamba ku yunivesite, ndipo akufunsa kuti awerenge chiyani pa miyezi itatu yatsalayi kuti asakamire.

M'bale wanga, ine ndinamira ndithu. Ndinalowa motukumuka chifukwa calculus, masamu owerengera mmene zinthu zimasinthira, ndinkaikhoza ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Tsiku lina mu real analysis, phunziro lofufuza maziko a calculus, tinapatsidwa funso loti tipereke umboni kuti 1/n imayandikira 0 pamene n ikukula. Ndinaseka chamumtima. Kodi zimenezi n'zofunsa munthu? Ndinaika manambala angapo, 1/10, 1/100, 1/1000, n'kulemba kuti n'zoonekeratu. Pepala linabwerera lili ndi mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndi kafunso m'mphepete kondifunsa komwe ndasiya epsilon, dzina la kanambala kakang'ono kofunika pa umboni wotere. Ndinakwiya sabata yathunthu, ndikuona ngati mphunzitsiyo akungondizunza.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti iye sankafuna yankho. Yankho analipereka yekha m'funsomo. Ankafuna ndisonyeze kuti wina atandipatsa kanambala kakang'ono bwanji, ndingapeze nambala N yoti kupitirira pamenepo 1/n imachepa kuposa kanambalako. Mizere itatu yokha, koma inanditengera teremu yonse. Chinanditonthoza n'kudzamva kuti Newton ndi Leibniz anayambitsa calculus kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, koma maziko ake olimba anadzamangidwa ndi Cauchy ndi Weierstrass m'zaka za m'ma 1800. Akatswiri omwewo zinawatengera zaka zoposa 100.

Tsono ndinene mosapsatira: amene amakuuzani kuti muyambiretu kuwerenga quantum mechanics, fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono ngati ma atomu, pa holide akukunamizani. Anzanga omwe anagwa mu fizikisi sanagwe chifukwa cha equation ya Schrödinger ya mu quantum ayi. Anagwa chifukwa minus inasowa pa mzere wachinayi, kapena anaiwala kuti sin²x + cos²x = 1 pomwe imafunika. Ma equation anayi a Maxwell, ofotokoza magetsi ndi maginito, amakwana pa kapepala kamodzi, koma ngati divergence ndi curl, masamu omwe amalembera ma equation amenewa, simukuzimva m'manja, mumangowayang'ana ngati zojambula. Quantum nayo, mukaisenda, mupeza ma matrix, ma eigenvalue ndi ma complex number ali phee mkatimo.

Ndiye pali nkhani ya mavidiyo. Ndimawakonda, sindikana. Koma kuonera munthu wina akusova pa YouTube kumakupatsani kukoma konamiza. Mumagwedeza mutu, zonse zikumveka, kenako mukatenga pepala lopanda kanthu dzanja limauma gwaa. Ine ndinataya miyezi iwiri chotero, ndikudzitcha wolimbikira.

Muchite chiyani tsono?

Mwezi woyamba, algebra, trigonometry, ma logarithm ndi integration by parts, mpaka dzanja lizichita lokha popanda calculator. Wachiwiri, linear algebra (masamu a ma matrix) ndi ma complex number: sovani ma eigenvalue a matrix ya 2 × 2 pamanja, ndipo muzolowere formula ya Euler, yomwe imalumikiza ma complex number ndi sin ndi cos. Wachitatu, umboni. Yambani ndi induction, njira yoperekera umboni pochoka pa nambala imodzi kupita pa yotsatira, kenako sonyezani nokha kuti √2 singalembedwe ngati fraction. Funso likakukanikani, khalani nalo mphindi 30 musanasuzumire yankho, ndipo mawa lake mulilembenso buku lili chotseka.

Pepala lofiira lija ndikadali nalo. Nditalitsegula dzulo ndapeza kuti ngakhale 1/1000 ndinailemba molakwika, ziro mmodzi anasowa.