Shelly-Ann anapambananso atabereka

Achemwali, mwafunsa ngati Shelly-Ann Fraser-Pryce, katswiri wothamanga wa ku Jamaica, anapambananso atabereka. Eetu, kwambiri! Anabereka mwana wamwamuna mu 2017, ndipo mu 2019 pa mpikisano wa dziko lonse ku Doha, m'dziko la Qatar, anatenga golide pa mamita 100 pa masekondi 10.71, kenako n'kuzungulira bwalo atanyamula mwanayo m'manja. Ine tsiku limenelo misozi inalengeza m'maso. Mu 2022 ku Eugene, m'dziko la America, anabwerezanso, ali ndi zaka 35.

Musaiwale kuti golide wake woyamba wa Olympics anautenga ku Beijing mu 2008. Ndi wamfupi ndithu, koma mfuti ikangolira ankachoka ngati mphezi, anzake akadali kudzuka. Pa mpikisano wopatsirana kamtengo wa 4x100, iye ndi anzake anatenganso golide wa Olympics ku Tokyo mu 2021.